Mapazi Mazana Awiri ndi Makumi Anayi

Graciete waika foni patebulo, wandikankhira magalasi:
"Bambo, taonani iyi. Ili pamwamba, ku Graça,
madenga ofiira onse a Lisbon ali pansi pa zenera,
mtsinje wa Tejo ukuoneka mpaka kutsidya."
Ndayang'ana. N'zokongola, sindikana.
Koma msewu umenewo ndikuudziwa ine.
Ndinaukwera zaka makumi atatu, chikwama cha makalata paphewa,
ndikudziwa mwala umene umaterera mvula ikangowaza,
pafupi ndi nambala 14, pamene galu wa mayi Ermelinda ankandidikirira.
Masiku amenewo mawondo anali anga.
Lero ndi a nyamakazi, ine ndimangobwereka.

Ndinawerenga kale pabwalo pano ku Mértola:
mapazi mazana awiri ndi makumi anayi, ndodo kumanja,
kenako chiuno chimati basi,
ndipo sichinena kawiri.
Ndiye ndathyola kamtengo ka machesi molingana ndi mtundawo,
ndakagoneka pamapu akale a ku positi,
ndikukazunguza ngati muvi wa wotchi.
Zimene zagwera mkati ndiwo mzinda wanga.
Zotsalazo n'za anthu ena.

Hotela yoyamba inadzitama kuti ili pakatikati penipeni.
Pakatikati pa chiyani? Anayeza ndi mbalame,
yosadziwa kuti misewu iwiri yogundana papepala
yalekanitsidwa ndi makwerero oposa zana.
Yachiwiri inati chikepe chilipo.
Ndinafunsa, chimayambira pati?
Mtsikanayo anayamba wakhala chete. "Pansanjika yoyamba, bambo."
Yachitatu inali ndi bafa lakuya ngati bwato.
Kulowamo ndingalowe,
nanga wondivuula ndani?

Yachinayi ili ku Baixa, kumene nthaka inatopa n'kugona.
Anayankha mnyamata, Telmo, kukamwa kuli buledi.
Nditamufunsa za masitepe a pakhomo
sanandiuze kuti ndi ochepa chabe, monga anzake aja.
Anati dikirani, n'kusiya foni pathabwa.
Ndinamva chitseko, hutala ya basi, nsapato zake zikupita,
zikubwera.
"Atatu. Yachiwiri ndi yobenthuka kunsonga.
Chogwirira chili kumanzere."
Ndodo yanga imakhala kumanja. Zagwirizana.

Ndinamutumanso, wopanda manyazi ine:
shawa ili ndi mpando? Sitolo ya mankhwala ili mbali iti?
Nanga benchi?
"Benchi ili pa mapazi makumi asanu ndi limodzi," anatero akupuma,
"koma amenewo ndi anga. Anu mwina zana."
Mwana ameneyu amene anamulera ndimupatse moni.

Graciete sakukondwa.
"Zenera lake lapenya khoma la banki, bambo, ndi mapaipi.
Ndalama zake n'zomwezo!"
Mwanawe, walira mvula walira matope,
walira madenga ofiira walira chitunda.
Madengawo ndinawaona kokwanira, thukuta lili chuchuchu.
Chimene ndikufuna n'kutuluka ndekha m'mawa
popanda dzanja la munthu m'khwapa mwanga,
kugula nyuzipepala, kumwa khofi choimirira ngati kale,
n'kubwerera miyendo isanandikane.

Walipira masiku atatu, milomo ili ndwii.

Usiku uno ndalembera Amílcar kalata,
ya pepala, ya sitampa, ngati anthu.
Tinkagawana misewu ine ndi iye; akadali ku Graça komweko,
pansanjika yachinayi, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.
Ndamuuza: Lachinayi, dzuwa likapendeka,
benchi yoyang'anana ndi wogulitsa zipewa.
Tsika, takisi ndilipira ndine.
Usavale nsapato zachikopa zija.

Kalatayi wina adzakwera nayo makwerero onse aja,
wina wa mawondo akeake, akuimba mluzu mwina.
Ndatembenuza envulopu, ndalemba kumbuyo ndi pensulo, timalemba tating'ono:
samala mwala wa pa nambala 14.